Kodi Mlendo Aleka Liti Kukhala Mlendo?

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Ananena cotero pofuna kutilangiza kuti tisaumire mtima munthu wofika pakhomo, pakuti sakhalitsa. Dzuwa likakwera wapita, ndipo nkhuku imene tamphera sitidzaikumbukanso. Mau awa ali abwino, ndipo apulumutsa anthu ambiri a pa njira. Koma pali funso limene mwambiwo suliyankha. Nanga mame akakana kuuma? Mlendo akapempha malo, namanga nyumba, nabala ana, anawo nabalanso ao, kodi tidzamuyesabe mlendo? Ngati iai, tsono analeka tsiku liti kukhala mlendo, ndipo anamlekeza ndani, iye mwini kapena eni mudzi?

Funso ili labvuta anthu a dziko lina la ku Ulaya, dzina lace Denmark. Tiyambe ndi iwo, popeza mlandu wa mnzako uoneka msanga koposa wako. Denmark ndi dziko laling'ono la kumpoto kwa Germany, losafika ngakhale theka la Malawi, la anthu pafupi 6,000,000, amene kuyambira kale anazolowera cinenero cimodzi ndi mpingo umodzi, wa Lutheran. Cakumapeto kwa zaka za 1960 nchito inacuruka m'nyumba zao za makina, manja nacepa. Pamenepo anayamba kufika amuna a ku Turkey, Aturuki ndi Akurdi, anthu a Cisilamu, ambiri a iwo ocokera ku midzi youma ya pakati pa dziko lao, makamaka ku cigawo ca Konya. Wowerenga Macitidwe a Atumwi awadziwa kale malowo, pakuti Konya ndiye Ikoniyo uja kumene Paulo ndi Barnaba analalikira, nathawako poopa kuponyedwa miyala. Tariso kwao kwa Paulo, ndi Efeso, ndi Galatiya, ndi Harana kumene Abrahamu ananyamukira, onsewa ali m'dziko lomwelo limene lero lichedwa Turkey.

Eni dziko anawapatsa amunawa dzina la m'cinenero cao lotanthauza alendo a nchito. Dzinalo linakomera onse. A ku Denmark anati, agwire nchito zolemetsa zimene ana athu azikana, ndipo zikatha abwerere. Alendowo anati, tipirire cisanu zaka zowerengeka, tipate ndalama za munda ndi za nyumba, tidzipita kwathu. Palibe mmodzi anaganiza za sukulu, kapena za manda. Koma mu November 1973, mtengo wa mafuta utakwera ndi nchito itayamba kusowa, Boma la Denmark linatseka khomo kuti anchito atsopano asalowenso. Amene anali m'katimo anazindikira kuti akaturuka sadzalowanso. Cifukwa cace m'malo mwa kubwerera anaitana akazi ao ndi ana ao. Anakhala pamodzi m'midzi ya pambali pa Copenhagen, monga Ishøj, natsegula masitolo, namanga misikiti. Lero iwo ndi ana ao obadwira komweko apitirira 60,000, ndipo adzukulu ena sadziwa njira ya ku mudzi wa agogo ao.

Walira mvula walira matope. Eni dziko analira manja, koma manja sayenda okha. Afika ndi mimba, ndi lilime, ndi cipembedzo. Ndipo madandaulo anayamba. Anati alendo akwatitsa ana ao kwa abale a kumudzi okha okha, ana afika ku sukulu osadziwa cinenero ca dziko, akazi ena atha zaka zambiri osalankhula ndi mnansi, ndipo ife tikhoma msonkho waukuru kuti sukulu ndi cipatala zikhale za ulere. Tsono anayamba kumanga malamulo. Mu 2002 analamula kuti wofuna kutenga mkazi kapena mwamuna wa kunja ayambe wafika zaka 24, iye ndi mnzaceyo. Mu 2016 akuru a mzinda wa Randers anapangana kuti nyama ya nkhumba isasowe pa zakudya za m'nyumba zolereramo ana, ngakhale anadziwa kuti Asilamu saidya. Mu 2018 analamula kuti m'midzi ina yocuruka alendo mwana akatha caka cimodzi azipita ku nyumba yolerera ana maora 25 pa sabata, kukaphunzira cinenero ndi makhalidwe a dziko, ndipo makolo okana awadulire thandizo la ndalama. Ndipo kuyambira January 2019 munthu wolandira umbadwa wa Denmark analamulidwa kugwirana canza ndi mkuru wa mzinda, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Wokana alibe umbadwa.

Ena a inu pomva izi mudzapukusa mutu, ndi kuti, Azungu nkhanza. Musafulumire, abale. Tayang'anani mapiri athu ano.

Ndani mwini Dedza? Acewa adzati ndife, ndipo anena zoona, ngakhale zolemba za pa miyala ya ku Congoni zitikumbutsa kuti iwonso anapeza Akafula. Angoni a Maseko anafika ku Domwe ca m'ma 1870, ndipo sanafika ndi mau opempha malo, anafika ndi nthungo ndi zishango. Ayao anadza kucokera kum'mawa, ndi malonda ao, ndipo pambuyo pace ndi Cisilamu cao. Lero Kacindamoto ku Mtakataka, Kamenyagwaza ku Bembeke, Kacere, ndi Tambala akhala pa msonkhano umodzi ndi Kaphuka, ndipo palibe munthu wa nzeru amene angaimirire ndi kunena kuti awa ndi alendo, abwerere kwao. Akabwerere kuti? Ngakhale amene anatitengera Uthenga Wabwino ku Mlanda mu 1902 ndi ku Mphunzi mu 1903 anali alendo, napempha malo kwa mafumu.

Tinaonanso alendo amene anakhaladi mame. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia anaoloka malire miyanda miyanda, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi monse anali ngati 1,000,000. Kuno ku Dedza ndi ku Ncheu ambiri sanaikidwa m'misasa yakutali, koma anamanga pakati pa midzi yathu ndi m'mbali mwa mseu, pakuti malire aja anapangana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891 anadula pakati pa mabanja. Wothawayo anali msuwani, kapena mlamu, wolankhula monga ife. Komabe akuru amene anaona masikuwo akumbukira kuti cikondi ca caka coyamba sicinali cikondi ca caka cacisanu. Nkhuni zinatha m'mapiri, madzi anacepa pa zitsime, ndipo mwini mudzi poona mlendo alandira ufa ndi nyemba za thandizo, iye ali ndi njala, mtima unawawa. Mtendere utalembedwa ku Rome mu October 1992, ambiri anabwerera mu 1993 ndi 1994, ndipo funso lathu linacoka nao tisanaliyankhe. Ngati mbale wa cinenero cimodzi anatilemera cotero pa zaka zisanu ndi zitatu, tisadabwe kuti Mturuki alemera a ku Denmark pa zaka makumi asanu.

Ndipo ife tomwe takhala Aturuki a eni ace. Ndi mudzi uti kuno umene ulibe mchona? Anyamata anapita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Joni, ena pa Wenela, ena pa Mthandizi, ena pansi ndi miyendo yao, onse ndi mau amodzi omwe aja, akuti ndikapeza njinga ndi bulangete ndibwera. Ambiri sanabwera. Anatenga gule wao, ndi cinenero cao, ndi mapemphero ao; ndipo mu 1912 mbusa Vlok, mmodzi wa awiri aja anayamba nchito pa Mvera mu 1889, anawatsata ku Salisbury kukawaweta m'Cinyanja. Tinayesa cimeneci cinthu cokoma, ndipo cinali cokomadi. Nanga tidzatsutsa bwanji Aturuki pamene Boma la kwao liwatumizira aphunzitsi a Cisilamu? Koma mu 2001 Boma la Zimbabwe linasintha lamulo la umbadwa, ndipo ana ndi adzukulu ambiri a machona, obadwira komweko, osaonapo phiri la Dedza, anauzidwa kuti ali alendo, nalandidwa mphamvu ya kusankha atsogoleri, kufikira malamulo atsopano a 2013 anawabwezera. Tinamva cisoni, tinati nkosayenera. Koma mu May 2023 asilikari a Boma lathu anagwira anthu a ku Burundi, Rwanda ndi Congo amene anali ndi timasitolo m'mizinda ndi m'misika, ena okhala zaka zambiri pakati pathu, nawabwezera ku Dzaleka ku Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo unadzala kale kopitirira muyeso. Ambiri a ife tinaomba m'manja. Muyeso umene tinayesera a ku Zimbabwe tinaubisa pansi pa mphasa.

Tsono tiyese kulunjika pa funso lenileni. Mwini mudzi ayenera kufuna ciani kwa mlendo wokhalitsa, ndipo ndi ciani cimene sayenera kufuna?

Mantha a mwini mudzi sali opusa, ndipo wolalikira cikondi asawanyoze. Munda sukula pamene anthu acuruka. Ife a m'mapiri ano, kumene mizere ya mbatata yafika mpaka pa miyala, tidziwa. Ndiponso mudzi uli ndi cace cimene ufuna kusiyira ana, ndipo suli wocimwa pakufuna cimeneco. Cifukwa cace ndiyesa kuti a ku Denmark sanalakwa pofuna kuti mlendo adziwe cinenero cao. Munthu wosamva mau a pa bwalo sangathe kudzinenera mlandu, sangathe kuwerenga kalata ya Boma, ndipo mkazi wosadziwa cinenero ca dziko ali wandende wa mwamuna wace ndi wa ana ace omwe. Sanalakwanso pofuna kuti asenze nao katundu wa dziko. Yeremiya polembera a m'nsinga a ku Babulo sanawauza kuti akhale ndi akatundu omanga. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, ndi kufunira zabwino mzinda umene anatengedwerako. Mlendo amene thupi lace liri ku Ishøj koma mtima wonse ndi ndalama zonse ziri pa nyumba yosagonamo munthu ku Konya, asadandaule kwambiri akamuyesa wa pa njira. Pa mudzi pathu tidziwa munthu wathu ndi ici: pa maliro alipo, pokonza mlatho alipo, posonkha alipo. Wobwera amene acita izi timuiwala msanga kuti anabwera. Amene atseka citseko, maliro ali kwa mnansi, akhala mlendo ngakhale atamera imvi pomwepo.

Koma pali malire, ndipo malirewo ali pa cikumbu mtima. Angoni anataya Cingoni nalankhula Cicewa, osati cifukwa ca lamulo, koma cifukwa ca amai a ana ao. Ayao sanataya Ciyao, kapena Cisilamu, ndipo ali eni dziko cimodzimodzi. Pamenepo tiona kuti mtengo wa kukhala mwini mudzi suli kutaya zonse za kwanu. Taonani cimene ticita pa ukwati kapena pa maliro kumene kudzafika Asilamu: tiitana Msilamu kuti acinje mbuzi, kuti onse adye mbale imodzi. Palibe Mkristu anacepa cikhulupiriro cifukwa ca ici. Akuru a ku Randers akadabwera kudzaphunzira kwa amai a ku Mayani, akadapeza njira yosamwetsa mwana wa mnzao manyazi pa cakudya. Kunena za kugwirana canza, ife sitingaseke Msilamu amene akana kugwira dzanja la mkazi wa mwini, pakuti ndani wa ife anagwirapo dzanja la apongozi ace? Tipatuka pa njira, tigwada patali, tiomba m'manja, ndipo umenewo ndi ulemu woposa. Boma likhoza kukakamiza dzanja, koma likatero lalandira dzanja lokha. Ndipo ife Akristu ticenjere pano koposa onse. Tifuna kuti Msilamu amve za Kristu, inde. Koma munthu wobatizidwa kuti apate munda kapena citupa sanatembenuka mtima, wangogula malo.

Cimene cindibvuta koposa ndi mwana. Atate anasankha kunyamuka; mwana sanasankha kanthu. Anatsegula maso napeza cisanu ca Denmark, kapena pfumbi la Mbare, kapena mahema a Dzaleka, ndipo kwace nkomweko, alibe kwina. Akapita ku Konya amuseka kuti alankhula ngati Mzungu. Akabwera ku Copenhagen amfunsa kuti kwanu nkuti. Ku Denmark mwana wobadwa kwa makolo acilendo sakhala mbadwa cifukwa ca kubadwirako, ayenera kudzapempha. Ndipo lamulo lathu la Malawi litero lomwe. Koma mwambo wa makolo athu unadziwa kanthu pano. Mkamwini ali mlendo pa mudzi wa mkazi wace. Alima munda wosati wace, alankhula mocepa pa bwalo, ndipo zikabvuta anyamula nkhwangwa ndi mphasa napita. Moyo wa cikamwini ngwowawa, ndipo sindiuyamikira wonse. Koma ana a mkamwini sali akamwini. Iwo ndiwo mbumba, ndiwo eni nthaka, mwina mmodzi wa iwo adzalowa ufumu. Makolo anaona kuti mudzi umene uyesa ana obadwiramo alendo udzikumbira dzenje, pakuti mnyamata wouzidwa tsiku ndi tsiku kuti suli wathu, tsiku lina adzabvomera, ndipo sadzasamala nkhokwe ikapsa. Kotero anaika kuti cilendo cithere pa mbadwo umodzi. Wina adzati, inde, koma ana a mkamwini ali athu cifukwa amai ao ndi athu. Nanga amene atate ndi amai onse ali obwera? Funsolo nlolungama. Koma ngakhale otere mfumu ikawapatsa malo, nilandira nkhuku yao, ana ao sapemphanso kaciwiri. Ndipo midzi yambiri ya kuno inayamba motero.

Cilamulo ca Mose cibwereza kawiri kawiri za mlendo, ndipo cifukwa cimene cipereka ndi cimodzi, cakuti Aisrayeli anali alendo m'Aigupto. Sicinena kuti mlendo ali wabwino, kapena kuti adzakulemeretsa, cingoti kumbukira. Rute Mmoabu anatola khunkha m'munda wa Boazi cifukwa lamulo linaletsa mwini munda kukunkha zonse, ndipo mdzukulu wa mwana wace... iai, tinene bwino: mwana wace Obedi anabala Jese, Jese nabala Davide. Mibadwo itatu yokha kucokera kwa mkazi wa khunkha kufika pa mpando wacifumu. Aturuki a ku Denmark ali pa mbadwo wacitatu tsopano, ndipo ena a ana ao akhala kale aphunzitsi, asing'anga, ndi aphungu a nyumba ya malamulo.

Patsala nkhani ya manda, ndipo apa ndipo mtima wa munthu uonekera. Zaka zambiri Aturuki a ku Denmark akhala akusonkha ndalama caka ndi caka m'thumba la maliro, kuti wina akamwalira mtembo wace ukwere ndege kukaikidwa kwao. Ife sitidabwa, pakuti abale athu a ku Joni acita comweco, asonkherana kuti bokosi lifike pa Dedza ngakhale pa galimoto la masiku atatu. Buku Lopatulika silitsutsa ici. Yakobo analumbiritsa Yosefe kuti asamuike m'Aigupto, ndipo mafupa a Yosefe mwini anayenda ndi Aisrayeli zaka zonse za m'cipululu. Koma Bukulo litionetsanso Abrahamu, amene Sara atamwalira sanabwerera naye ku Harana. Anapita ku cipata ca mudzi, nadzichula mlendo pamaso pa Ahiti, napempha manda. Iwo anafuna kumpatsa kwaulere. Iye anakana, nayesera Efroni masekeli 400 a siliva pamaso pa mboni. Anadziwa kuti copatsidwa mwaulemu cikhoza kulandidwa mwaulemu, koma manda ogula ali muzu. Phanga la Makipela ndilo nthaka yoyamba imene mlendo uja anakhala nayo m'Kanani.

Mu 2006 Asilamu a ku Denmark anatsegula manda ao ao ku Brøndby, pafupi ndi Copenhagen, atapempha zaka zambiri. Nkhalamba zambiri zifunabe ndege. Koma ana amene adzafuna kukaona manda a amai ao osayamba agula tikiti ayamba kuganiza zina. Kuno kwathu mwini manda ndi mfumu, ndipo wobwera saikidwa popanda mau ace. M'zaka zija za nkhondo mafumu a m'malire sanakaniza. Adzukulu a pa mudzi anakumba, amai a pa mudzi anaphika, ndipo othawa nkhondo anagona m'misitu imodzi ndi makolo athu. Amoyo anabwerera ku Angonia mu 1994, koma akufa anatsala, ndipo mitengo imene inamera pa mitumbira yao palibe aidula.